Kaseti Imene Papa Sanamalize

Naga,
Novembala 1993

Okondedwa achimwene anga, Manoy Eliseo,

Landirani moni wochokera kwa mlongo wanu. Muli bwanji kumeneko ku Dammam? Chala chija munati chinapanidwa ndi chitseko cha lole chinapola? Nanga kutentha kwachepako? Ndikhulupirira Mulungu akukusungani pamodzi ndi anzanu onse a m'chipindamo.

Kuno ine ndili bwino. Mama ali bwino, kupatula mawondo awo aja. Azakhali athu, Tiya Consorcia, ali bwino kwambiri, pakamwa pawo pomwe sipanasinthe. Mphepo yamkuntho ya mwezi watha inasasula malata a kukhitchini, koma tinawatola kumunda kwa aneba athu a Pidoy n'kuwakhomanso. Za Papa ndifotokoza, koma mundilole ndifikepo pang'onopang'ono.

Mu envulopumu mwapezamo kaseti. Chonde musaiike mu wailesi musanamalize kuwerenga kalatayi. Ndikukudziwani kupupuluma kwanu, ndiye ndikubwerezanso: werengani kaye.

Za kusukulu zikuyenda, ngati kumeneko n'kuyenda. Ndili chaka chachitatu, ndipo teremu yathayi tinali ndi phunziro lija ndinkalidikirira chilowereni ku yunivesite, la khalidwe: chabwino n'chiyani, choipa n'chiyani, ndipo munthu amadziwa bwanji. Mukukumbukira mmene Papa anasekera nditawauza kuti ndasankha filosofi? Anati zaka zinayi zathunthu kuphunzira chabwino ndi choipa, pamene Mama anatiphunzitsa zomwezo madzulo amodzi ndi patapata. Koma tsiku lomwelo anakauza madalaivala anzawo onse pa siteji kuti mwana wawo akuphunzira choona, ndipo wabodza aliyense asayandikire jipini yawo, galimoto yawo ija yonyamula anthu.

Amatiphunzitsa ndi Mayi Abellera, mayi wamfupi, wosuta fodya mosalekeza, amene sakupatsa yankho ngakhale ulire. M'kalasi mwawo wolongolola kwambiri ndinali ine. Mfundo yanga inali imodzi, ndipo ndinkaimenyera nkhondo ngati munda wa makolo: kunamiza munthu n'kumubera, ngakhale utamunamiza chifukwa chomumvera chisoni, pakuti wamulanda mpata wosankha yekha chochita ndi moyo wake. Anzanga anandipatsa dzina loti Ajaji. Ndinkanyada nalo dzinalo, Manoy, ndisabise.

Ndinkabwera nazo mfundozi kunyumba Loweruka lililonse, n'kumakangana ndi Tiya pa chakudya. Iwo akauza mlendo kuti tadya kale pamene sitinadye, ine ndinkawadzudzula. Tiya ankati mabuku andiumitsa mutu ndipo palibe mwamuna adzakwatire khoti. Papa ankaseka mpaka kutsamwa. Ankati m'nyumba muno muli munthu mmodzi yekha amene angamufunse nthawi osayang'ananso pa wotchi.

Tsopano gwirani mtima. M'makalata a Mama mwakhala mukuwerenga kuti Papa ali ndi zilonda zapakhosi chifukwa cha utsi ndi fumbi la pamsewu. Si zilonda, Manoy. Ndi khansa.

Zinayamba mu Julaye. Mawu awo aja oitanira anthu pa siteji, amene tinkawamva tili kumsika, anayamba kusasa. Anamwa tiyi wa jinja, anatafuna masamba onse amene Tiya anawabweretsera, osasintha. Kuchipatala anadulako kanyama pakhosipo kukakayeza. Tsiku la zotsatira, dokotala anachita mmene madokotala athu amachitira: anawamwetulira Papa, anawalembera mankhwala otsukira kukhosi, kenako anatikodola ine ndi Mama kuti tituluke naye pakhonde.

Pakhondepo anatiuza kuti yafalikira kale m'khosi ndi m'chifuwa, ndipo kung'amba n'kungowavutitsa. Anati mwina adzafika Khirisimasi, mwina ayi. Anayamba kufunsa ngati a pabanja tikufuna kuti wodwalayo auzidwe, koma Mama sanamulole n'komwe kumaliza funsolo.

Madzulo ake Mama ananditengera kutchalitchi, nandigwiritsa kolona yawo, n'kundiuza kuti ndilumbire kuti sindidzauza Papa, ngakhalenso inu. Za inu anati mukamva muthawa ntchito, ndipo poti pasipoti yanu ili ndi bwana wanu, mukathera m'ndende ya eni dziko. Za Papa anandikumbutsa malume athu a Berting, amene dokotala wina wachinyamata anawauza maso ndi maso. Anangotembenukira kukhoma, nakana kudya, osatha ngakhale mwezi.

Ndinatulutsa mabuku anga onse pamenepo, monong'ona, anthu akupemphera kutsogolo. Ndinati moyowo ndi wa Papa, ndinati munthu ali ndi ufulu wodziwa, ndinanena zambirimbiri. Mama anandimvetsera mpaka ndinatopa ndekha. Kenako anati: "Iwe umawadziwa ngati bambo ako. Ine ndimawadziwa akamaopa."

Ndinalumbira. Ndi kalata inoyi ndikuphwanya theka la lumbirolo, ndipo ndikudziwa.

Patapita masiku ndinapita ku ofesi ya Mayi Abellera, ndikunamizira kuti ndi nkhani ya mnzanga wina. Sanapusitsike, anangotseka chitseko n'kuyatsa fodya. Anandifunsa kuti imfa ikubwerayo ndi ya ndani. Ndinasangalala, ndinati apa ali kumbali yanga. Koma anaonjezera funso lina, lakuti munthuyo akadziwa, amene adzakhale naye tsiku lonse, kumusambitsa ndi kumumva akulira, ndani, pamene ine ndili m'laibulale.

Ndinafunsa kuti pa mafunso awiriwo lopambana ndi liti. Anati akanadziwa sakanakhala akuphunzitsa phunziroli, akanakatsegula golosale. Anandiuza kuti mayi awo omwe anamwalira osauzidwa, ndipo mpaka lero sakudziwa ngati banja lawo linachita bwino. Ndinatulukamo nditakwiya koopsa. Munthu wa madigiri onsewo, mabuku mpaka kudenga, n'kundipatsa mafunso m'malo mwa yankho.

Tsopano ndinene chinthu chimene inu ndi ine sitinakambepo chichokereni. Tsiku lija pa depoti ya basi ya ku Manila ine ndinaona. Munawerama kuti mutenge dzanja la Papa muliike pamphumi panu akudalitseni, monga takhala tikuchitira chibadwire, ndipo iwo anapisa manja onse awiri m'matumba. Munakhala chowerama choncho kanthawi, anthu akuyang'ana, kenako munakwera basi osacheuka. Ndikudziwa anakwiya chifukwa munasaina za ulendowo mobisa pamene iwo ankafuna kukusiyirani jipini. Koma ndikudziwanso kuti m'makaseti anu onse mumapereka moni kwa Mama, kwa ine, kwa Tiya, ngakhale kwa galu, ndipo Papa mumangoti "ndi ena onse a pakhomo".

Mwina simudziwa izi. Kaseti yanu ikafika, Papa amapita kuseri kwa nyumba, amati akukakonza chinachake. Amakhala pansi pa windo penipeni. Mawu akatsika amakuwira Mama kuti akweze, akuti wailesiyo ikulira zoipa ndipo akufuna amve pamene yavuta. Wailesiyo ilibe vuto lililonse poimba.

Mu Seputembala, pa chikondwerero cha Amayi Maria, Papa analephera koyamba kulowa m'gulu la amuna onyamula chifanizo. Anaimirira m'mbali mwa msewu, nditawagwira mkono, akuyang'ana anzawo opanda nsapato akukankhana ndi kufuula. Anafuna kufuula nawo, koma panangotuluka mpweya. Kuyambira tsiku limenelo anasanduka munthu wachete.

Papa si chitsiru, Manoy. Ankaona buluku likuwagwa. Ankaona amayi a kolona a gulu la Tiya akubwera pafupipafupi ngati pakhomo pali maliro kale. Ankaona Mama akuwaphikira masamba a koko a mkaka wa kokonati ndi tsabola, amene kale ankawamana chifukwa cha m'mimba, pamene iwo tsopano amangomeza phala la mpunga lokha.

Lamulungu loyamba la Okutobala, titabwera ku Misa, anandituma kukabwereka wailesi ya a Pidoy, poti yathu sijambula mawu, ndi kukagula kaseti yatsopano. Nditabwera ndinawapeza atasamba, atavala malaya awo oyera aja, akupesa tsitsi ndi mafuta. Ndinawaseka kuti kaseti siona. Anati nditseke pakamwa, munthu salankhula ndi mwana wake woyamba atavala sanza.

Ndinaika wailesi pa mpando, patsogolo pawo. Anandiuza kuti ndidine, ndinadina, kaseti n'kuyamba kuzungulira. Anatchula dzina lanu. Kenako anakhala chete nthawi yaitali, akuyang'ana manja awo pa mawondo.

Ndiye anatembenukira kwa ine. Anaiwala kuti wailesi ikujambulabe, kapena sanasamale. Anati: "Nila, iwe sunama. Kontirakiti ya Eliseo ikutha mu Ogasiti. Akabwera, adzandipeza?"

Mama anali ataima pakhomo la kukhitchini, mbale ya phala ili m'manja. Anangondiyang'ana, sanapukuse ngakhale mutu.

Ndinati: "Adzakupezani, Papa."

Anafunsa ngati dokotala anatero. Ndinati anatero.

Mukanaona nkhope yawo. Inamasuka yonse, ngati munthu amene watula thumba la mpunga. Anaseka, kuseka kwenikweni, koyamba chiyambireni matendawa. Anati ndiye zawailesizi n'zachiyani, bambo sadalitsa mwana wake kudzera m'makina ngati muulutsi wa nyimbo za moni, dzanja liyenera kukhudza mphumi. Anandiuza kuti ndizimitse n'kubweza wailesi ya eni ake. Anavula malaya oyera aja, nauza Mama awasunge bwino mpaka Ogasiti, ndipo phala lija analimaliza lonse.

Ndakhala ndikudzifunsa chimene chinandinamitsa. Ndikanakonda kunena kuti ndi lumbiro lija, kapena maso a Mama, kapena kuti ndinayeza mbali zonse ziwiri monga amatiphunzitsira n'kusankha chifundo. Ayi ndithu. Sindinayeze kalikonse. Ndinaopa kuona nkhope ya Papa ikusweka ine ndikuyang'ana. Ndinaopa basi.

Ndipo akanafunsa Mama kapena Tiya sakanakhulupirira yankho lawo, akanapitiriza kujambula. Anafunsa ine chifukwa cha pakamwa panga paja, chifukwa cha mikangano yonse ya Loweruka ija. Zaka zitatu ndakhala ndikuwatsimikizira kuti mawu anga ndi odalirika, ndipo kudalirika konseko ndinakugwiritsa ntchito tsiku limodzi, powatsekera pakamwa.

Mama anandipeza kumpopi madzulo ake, nandisisita pamsana, akuti ndachita bwino, taona mmene adyera. Choipitsitsa n'chakuti Mama sankanama: Papa anadya, anagona bwino, ndipo mlungu wonsewo ankatuluka kukakhala padzuwa.

Mlungu womwewo tinali ndi mayeso omaliza. Kwathu ku filosofi mayeso ake ndi apakamwa. Umalowa wekha mu ofesi, n'kupisa dzanja m'chitini cha mabisiketi momwe muli timapepala topinda, ndipo mfundo imene watolayo uyenera kuiikira kumbuyo pamaso pa mphunzitsi. Ine ndinatola yakuti munthu amene akudziwadi chabwino sangachite choipa.

Ndinayenera kungodzuka n'kutuluka. Koma pakamwa panga panayamba pokha. Ndinalankhula bwino, Manoy, bwino kuposa masiku onse. Zitsanzo zinkabwera zokha, mafunso a Mayi Abellera ndinkawabweza asanatsike n'komwe. Pomaliza anandiyang'ana nthawi yaitali, nafunsa motsitsa kuti mnzanga uja bambo ake ali bwanji. Ndinati akupezako bwino. Anandilembera malikisi apamwamba kuposa wina aliyense m'kalasi.

Kakhadi ka malikisiko Papa anakapachika pakhoma pafupi ndi bedi lawo, pambali pa chithunzi cha Amayi Maria. Aliyense wobwera kudzazonda amamulozera.

Ndinkadziuza kuti ndikonza, ndipeza tsiku labwino, Mama atapita kumsika, ndiwauze zoona n'kubwerekanso wailesi. Loweruka lina panali alendo. Loweruka lotsatira anali osangalala, ndinati ndisawasokoneze. Kenako inabwera mphepo ija, anazizidwa ndi mvula yolowera padenga, ndipo pamene malungo anatsika mawu anali atapita.

Atapita kotheratu. Poyamba ankanong'ona, tsopano ngakhale kunong'ona kumawapweteka. Akafuna kanthu amagogoda kapu ndi supuni. Kulemba mukudziwa nokha kuti sukulu anailekera m'kalasi yachiwiri, amangodziwa kusaina dzina ndi manambala a pa jipini.

Ndinabwerekabe wailesi ya a Pidoy, ndinati mwina anong'oneko mawu awiri. Anaikankha ndi dzanja, namwetulira, nandilozera kalendala. A Pidoy anawabweretsera ya chaka chamawa kuchokera komwetsera mafuta, ndipo anandiuza ndi manja kuti ndiipachike itatsegulidwa pa Ogasiti. Ili choncho mpaka lero.

Ndiye ndiuzeni inu, poti ine mutu waima. Ndikawauza tsopano, ndiwapatsa chiyani? Adziwa kuti akufa, adziwa kuti sadzakuonani, ndipo adziwa kuti tsiku limene anali ndi mawu, atavala malaya oyera, mwana amene ankamukhulupirira ndiye anawazimitsira wailesi. Sangathe ngakhale kundikalipira. Ndikapanda kuwauza, afa akuyang'ana kalendala. Ndafufuza m'mabuku onse amene ndinkanyada nawo. Onse amakamba za munthu amene sananamebe, akuganiza ngati aname kapena ayi. Za munthu amene wanama kale ndipo nthawi yamuthera sindinapezemo tsamba.

Teremu yatsopano yayamba. Ndimapita, ndimakhala kumbuyo, sindikwezanso dzanja. Anzanga amafunsa ngati Ajaji akudwala, ena amati khoti latsekedwa. Ndimangoseka nawo. Sindikudziwa ngati ndimaliza maphunzirowa, ndipo kunena zoona sizikundikhudzanso.

Pempho langa ndi ili, ndipo ndikugwada. Jambulani kaseti lero lomwe, musadikire Lachisanu, tsiku lanu lopuma. Musayambe ndi Mama, yambani ndi Papa, muwatchule. Ndikudziwa amene analakwiridwa pa depoti paja ndinu, ndipo mwadikira zaka zonsezi kuti iwo ayambe. Anayamba, Manoy. Mudzimvera nokha. Tsopano sangathenso, ndiye weramani kachiwiri. Muwapemphe dzanja. Muwauze kuti mwatsamira mphumi pa wailesi yanu kumeneko, iwo aike dzanja pa yathu kuno. Ngati akana, ine ndidzaligwira dzanjalo.

Mwina akanadi, poti akudikira Ogasiti. Mwinanso sifika pa nthawi yake, poti kaseti yanu yomaliza ija inachedwa panjira mpaka chikondwerero chinadutsa. Dokotala titamuona mlungu watha sanatchulenso za Khirisimasi, anangotiuza kuti tiziwapatsa chilichonse chimene akufuna. Sindikukulonjezani kanthu. Ndasiya kulonjeza anthu.

Musathawe ntchito, ndapota nanu. Pamenepo pokha Mama ananena zoona zosatsutsika, ndipo sangapirire kutaya amuna awiri nthawi imodzi. Musawalembere mawu owawa. Amadzuka m'mawa kupukuta Papa thupi lonse, amawaimbira, amaseka nawo za Ogasiti, kenako amakalirira kubafa atatsegula mpopi. Ngati mukufuna wokalipira, ndilipo ine.

Kaseti imene mwapezayo ndi ya Lamulungu lija. Ndinaichotsa ndisanabweze wailesi, ndipo Mama sakudziwa kuti ndinaisunga. Mawu ake ndi ochepa. Poyamba mumva Papa akukonza kukhosi, kenako akuti: "Eliseo, mwana wanga, ndine Papa." Kenako mumva tambala wa a Pidoy, ndi chete wautali. Musaganize kuti yatha, dikirani.

Ndinayesa kufufuta mbali imene ndikulankhula ine. Ndinafika poika chala pa batani, koma ndinaopa kuti ndilakwitsa n'kufufuta zotsatira zake. Pakuti ndikangomaliza kunama m'pamene pali kuseka kwawo, ndipo palibenso kwina kulikonse kumene kunajambulidwa. Ndipo ndisanazimitse ananena chinthu china chimene sindinakulembereni pamwambapa. Anati: "Ndidzakamudikira pa depoti pomwe paja, manja ali kunja kwa matumba."

Amenewo ndiwo mawu omaliza a Papa amene inu mudzamve, ndipo kuti muwafike muyenera kudutsa pa anga. Pepani, Manoy.

Mundiperekere moni kwa Wilfredo wa a Pidoy, mumuuze kuti bambo ake akutithandiza kwambiri, koma musamuuze za matendawa, angalembere kwawo. Moninso kwa anzanu onse a kwathu kuno amene muli nawo. Tiya akuti muzivala chipewa padzuwa. Mama akanapereka moni akanadziwa kuti ndikulemba.

Amayi Maria akufunditeni ndi chofunda chawo, ndipo Mulungu akusungeni pa misewu ya kumeneko. Mutipempherere, makamaka Papa. Ine ndikamapemphera masiku ano ndimangoti kaseti yanu ifulumire.

Ndine mlongo wanu wamng'ono,
Leonila